Chipale cha Tsache

1. Kathabwa

Kathabwako kanali katakhala pa chitseko cha a Haug milungu itatu, ndipo Tabea anali atatopa nako.

Kanali kathabwa kakang'ono, kotha utoto, ka chingwe chofiira. Nyumba iliyonse ya nsanjika mumsewu mwathu ili ndi kake. Khomo limene kakolekedwa ndilo lochotsa chipale chofewa chikagwa, kuyambira pa masitepe atatu a pakhomo, njira ya galimoto yopita kugalaja, mpaka njira ya oyenda pansi kutsogolo kwa mpanda. Kathabwako sikayenda ndi masiku, kamayenda ndi chipale. Ukachotsa la tsiku limodzi, umakapachika pa khomo la mnzako. Kukapanda kugwa kanthu, kamangokhala nawe ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Eni nyumba nambala 14, Mayi Eisele, ankakhala m'zipinda za pansi. Anali amasiye a zaka 74, oonda, oyenda mowongoka. Pa khomo lawo kathabwa sikankafika, poti malamulo ankalemba okha. Makomo a lendi anali atatu. Kathabwa kankachoka kwa anyamata awiri a pamwamba penipeni, n'kufika kwa a Haug, n'kupita kwa a Kienzle, khomo loyang'anizana nalo.

Lachinayi, Tabea akuchokera kusukulu, anawapeza Mayi Eisele pa masitepe akupukuta chogwirira chimene chinali choyera kale.

"Iwe mwana wa a Haug, taima. Wamva wailesi? Loweruka kugwa chipale chambiri, ndipo kathabwa kali kwanu. Ndikuuziretu, usadzati sindinanene. Chipale chili pawiri. Pali cha tsache, pali cha fosholo. Cha tsache ndi kaufa kaja koti ukasesa kawiri katha. Chimenecho m'nyumba muno sitiwerenga. Kathabwa kamasuntha ndi chipale cha fosholo, chokwirira nsapato mpaka pa zingwe. Pofika 7 koloko m'mawa njira ikhale yoyera, yoti anthu awiri apambanepo osagundana mapewa. Chikagwanso masana, ubwerezenso. Usaponyere mumsewu, usaponyere kwa aneba, usakwirire ngalande. Mchere ayi, umapsereza mapazi a agalu ndi mizu ya mpanda wanga. Ukamaliza uwaze timiyala ta m'ndowa ili pakhomo ija. Amene sanawaze timiyala sanagwire ntchito. Malemu amuna anga anadzuka 5 koloko zaka makumi anayi, ndipo pakhomo pano sipanagwepo munthu. Tsiku limene adzagwe munthu, mwini kathabwa adzalongedze. Sindidzafunsa kuti wakhala muno zaka zingati."

"Ndamva," anatero Tabea.

"Kumva kwanu ndikukudziwa. Makalata awiri aja munawamvanso?"

Makalatawo anali ochenjeza. Yoyamba inabwera chifukwa njinga ya Tabea inagona m'khonde la m'kati. Yachiwiri chifukwa amayi ake anayatsa makina ochapira Lamlungu masana, tsiku loletsedwa phokoso. Yachitatu ikabwera, a Haug anali oona msana wa njira.

Amene anakawaneneza kawiri konse ankadziwika. Nthawi yomweyo chitseko chake chinali chotsegula pang'ono, moti kunkangooneka mphuno.

"Muuzeni amve," anatero a Kienzle ali m'kati. "Ana a masiku ano fosholo amaigwira ngati supuni."

"Tsekani chitseko, a Kienzle, kutentha kukutuluka," anatero Tabea akudutsa. "Kapena ndikakunenezeni kwa eni nyumba?"

A Kienzle anali dalaivala wa basi wopuma pantchito, ndipo anali atakhala m'nyumbamo zaka 31. Akazi awo anali atayamba kuiwala. Dzina la mwana wawo yemwe linkawathawa, koma njira yochokera kuchipinda kupita kukhitchini ankaidziwa. Zimenezi sizinawafewetse mtima a Kienzle. Ankawerenga zolakwa za anzawo ngati akulipidwa, ndipo iwo ndi a Haug sankamwerana madzi. Tabea ankawada ndi mtima wake wonse.

2. Za ku Ulm

Madzulo amenewo Tabea anadikira kuti amayi ake agawe mphodza ndi soseji, kenako anayamba.

"Loweruka kuli mpikisano wa mpira ku Ulm. Basi inyamuka 7 koloko. A kochi anena kuti amene sabwera, pagolo asadzabwererenso."

Tabea anali ndi zaka 15, ndipo anavutikira malo a pagolowo zaka ziwiri. Panali mtsikana wina wamtali kuposa iye amene ankangodikira kuti Tabea adwale chimfine.

"Ndiye uwauze a kochiwo abwere ndi fosholo," anatero Mayi Haug.

"Amayi, ndikunena zoona."

"Inenso sindikuseka. Loweruka ku bekale ndimalowa kunja kusanache, ndimatuluka masana. Mabanzi sadikira chipale. Ukufuna ndidzigawe pawiri?"

"Tiwapemphe a Kienzle tisinthane."

Mayi Haug anaika supuni pansi.

"Bambo ameneyo sindingamupemphe ngakhale machesi. Tamvera, Tabea. Tinafunafuna nyumba miyezi isanu ndi itatu tikugona pabalaza pa azakhali ako. Zovala zathu zinali m'majumbo. Iwe unkalembera homuweki pa maondo. Waiwala? Ine sindinaiwale. Ndinagogoda makomo osawerengeka, ndipo akangomva kuti ndine mayi wopanda bambo wokhala ndi mwana, ankati nyumba yapita kale. Mayi Eisele ndi ovuta, sindikukana, koma anatitsegulira. Panopa tatsala ndi kalata imodzi. Imodzi yokha. Ndimayenda m'nyumba muno ndi masokosi kuti munthu asapeze chonena. Mpira ukhalapo chaka chamawa. Kathabwa kali pa chitseko chathu, ndiye kuti njira ndi yathu, ndipo ukaisiya watitulutsa ndi manja ako. Nkhani yatha, idya."

Tabea anatola supuni n'kudya.

3. Mulu wa kuseri kwa galaja

Lachisanu kunafunda pang'ono. Cha m'ma 2 koloko masana kunayamba kugwa timaufa tosungunuka tikangokhudza pansi. Ngakhale cha tsache sichinakwane.

Tabea anaima pawindo n'kuwerenga anthu. Amayi ake anali mtulo, monga amachitira akaweruka. Mayi Eisele anali kwa ang'ono awo, ndipo anali oti abwerera pa sitima ya madzulo. A Kienzle anali atapita ndi akazi awo kuchipatala. Anyamata a pamwamba anali kuntchito. Kwa nthawi yoyamba chilowereni, nyumba nambala 14 inalibe maso.

Kuseri kwa galaja, kumene dzuwa silifika, kunali mulu wa chipale cha mu Disembala. Pamwamba chinali chakuda ndi fumbi, koma m'kati chinali choyera, chonyowa, cholemera.

Tabea anatulutsa wilibala. Anatuta kasanu ndi kamodzi, n'kumakhuthula pansi pa masitepe ndi pa njira ya oyenda pansi. Anaphwanya mibulu ndi fosholo, n'kusalaza ndi tsache. Kenako anaponda pakati penipeni mpaka nsapato inamira kufika pa zingwe, n'kujambula ndi foni, pafupi kwambiri kuti msewu wakuda usaoneke.

Atatero anayamba kuchotsa. Anakanda simenti mwamphamvu kuti aneba amve, chifukwa kwathu kuno munthu akamva fosholo ikulira sakayika, amangodziwa kuti kwagwa chipale. Anaunjika timiulu tiwiri taukhondo m'mbali mwa mpanda. Ntchito yonse inamutengera mphindi makumi anayi, ndipo anatuluka thukuta kuposa amene wachotsa chenicheni.

Chipale chakale chija chinasiya madzi. Madziwo anatsetsereka pang'onopang'ono n'kukadikha pansi pa masitepe, pamene simenti inalowa m'kati pang'ono. Tabea anawaona, koma sanawalabadire. Ndowa ya timiyala sanaikhudze n'komwe. Wochotsa chipale chenicheni saiwala timiyala, manja amakumbuka okha. Koma Tabea maganizo ake onse anali pa chingwe chofiira.

Anakwera masitepe, anachotsa kathabwa pa chitseko chawo, n'kukapachika pa cha a Kienzle.

4. Chipale chosankha nyumba

Cha m'ma 5 koloko, kunja kutada kale, panamveka kugogoda. Tabea anatsegula msanga kuti amayi ake asadzuke. A Kienzle anaima pakhomo jekete isanavulidwe, kathabwa kakulendewera pa chala.

"Ichi n'chiyani?"

"Kathabwa. Zaka zonsezi simukukadziwa?"

"Chipale chake chiti?"

"Chagwa masana. Inu kunalibe."

"Madenga a tsidya lija ndi akuda bii. Galimoto za mumsewu zilibe ngakhale kaufa. Chipale chako chimasankha nyumba?"

"Chasungunuka. Lero kwafunda."

Tabea anawaonetsa chithunzi. A Kienzle anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali, mpweya ukulira m'mphuno.

"Mtsikana iwe, ine ndayendetsa basi m'mapiri muno zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Chipale ndimachidziwa ndi maso, ndi mapazi, ndi fungo lomwe. Chogwa lero sichikhala ndi mibulu. Ukundiyesa chitsiru chifukwa ndakalamba. Makoma ano ndi opyapyala, za ku Ulm ndazimva zonse. Kathabwa aka ndikatenga. Osati chifukwa ndakukhulupirira. Ndikatenga chifukwa chibadwire sindinabwezepo kathabwa pa khomo la munthu, ndipo sindiyambira pa mwana. Mawa ndidzuka ndi msana wangawu. Akazi anga ndiwasiya okha m'nyumba, ndipo iwe sukudziwa kuti kuwasiya okha n'kutani. Ndichotsa chipale chako chonse. Koma ndikuchenjeze. Ndaona madalaivala ambiri olemba m'buku kuti ayang'ana mabuleki asanawayang'ane. Tsiku limenelo ankafika bwino, ankaseka ife ochedwa. Onsewo ndikudziwa kumene anathera. Wayamba msanga, mwana iwe."

"Kumvetsera pakhoma ndiye ntchito imene simunapume," anatero Tabea, n'kutseka chitseko.

Mumtima mwake munali chimwemwe choipa. Anali atawagonjetsa.

Mayi Haug anatuluka kuchipinda akutikita m'maso.

"Amalongolola chiyani uja?"

"Kunagwa chipale muli mtulo. Ndachotsa, kathabwa kapita."

"Cha fosholo?"

"Cha fosholo."

Mayi Haug anaona chithunzi, anaseka, n'kumugwira mwana wawo m'mutu.

"Ndiye kuti kumwamba kumakonda mpira. Konza chikwama chako."

5. Galasi

Usiku kunazizira kwambiri, ndipo chipale chinagwa monga inanenera wailesi. Tabea anatuluka 6 koloko ndi theka, chikwama kumsana. Kunja kunali kusanache. Chipale chinali chofika m'miyendo, chikugwabe, ndipo msewu wonse unali phokoso la mafosholo.

A Kienzle anali kumtunda, cha kugalaja. Ankakankha pang'ono, n'kuima, dzanja pamsana, n'kukankhanso. Kawirikawiri ankakweza maso kuyang'ana windo la kuchipinda kwawo.

Tabea anatsika masitepe atatu aja. Atangoponda pansi, phazi linathawa. Akanapanda kugwira chitsulo cha pageti akanagwa chagada.

Anapalasa chipale ndi nsapato. Pansi pake panali madzi aja, ataundana gwa, osalala ngati galasi la pawindo, kukula kwake ngati chitseko. Chipale chatsopano chinawabisa bwinobwino.

Ndowa ya timiyala inali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamene anaima. Koma galasi lotere timiyala tokha sitikwana, limafuna kuswa ndi chitsulo. Kuliswa kunali kusiyidwa ndi basi. Kuwauza a Kienzle kunali kuyankha funso loti madzi anachokera kuti tsiku lopanda mvula.

"Choka panjira yanga," a Kienzle analankhula ali kumtunda. "Ukupondereza chipale. Chopondedwa chimauma ngati mwala, kapena kusukulu sanakuphunzitseni?"

"A Kienzle," anaitana Tabea.

"Chiyani? Wabwera kudzandiyang'anira ntchito?"

Tabea anawayang'ana. Anakumbukira njinga yake, ndi makina ochapira, ndi amayi ake akuyenda ndi masokosi.

"Palibe. Muzisamala msanawo."

Anakankhira chipale pa galasi paja ndi phazi, analambalala, n'kuthamangira kokwerera basi.

Ku Ulm anasewera bwino kuposa kale lonse. Timu yawo inafika mu ndime yomaliza, ndipo a kochi anamugwira paphewa anzake onse akuona. Atatsegula foni m'chipinda chosinthira zovala anapeza uthenga wa amayi ake: "Ubwere molunjika kunyumba. Mayi Eisele agwa."

6. Funso limodzi

Anafika cha m'ma 5 koloko n'kupeza onse akumudikira m'khonde la m'kati. Mayi Eisele anali pampando pansi pa masitepe, mkono wamanja uli m'chikhakha, tsaya litatupa. Mayi Haug anaima mbali ina, manja atapinda. A Kienzle anatsamira khoma la mbali inayo, nkhope ili yotuwa.

Zimene zinachitika zinali zachidule. Nthawi itangopitirira 7 koloko Mayi Eisele anatuluka kukagula mabanzi, monga amachitira Loweruka lililonse. A Kienzle anali atadutsapo kale ndi fosholo, koma mu mdima galasi lija sanalione, ndipo chipale china chinali chitayalanso pamwamba. Mayi Eisele anatsika masitepe atatu, n'kugwera pa mkono.

"Imirira apo ndikuone," anatero Mayi Eisele. "Ndagona pa simenti ya nyumba yanga ngati thumba la zinyalala, anthu a mumsewu akundiyang'ana pa mawindo. Zaka makumi asanu palibe anagwapo, woyamba ndakhala ine mwini. Dokotala akuti mkono uwu mwina sudzagwiranso singano. Sindikufuna misozi ya munthu, sindikufuna pepani. Ndinanena Lachinayi pamasitepe pomwe pano kuti mwini kathabwa adzalongedza. Kathabwa ndakapeza pa chitseko cha a Kienzle."

"Kanafikapo mwachinyengo," anatero a Kienzle. "Chipale chatsopano sichiterera chonchija. Pansi pake panali galasi la dzulo. Madzi anachokera kuti? Mufunseni. Pitani kuseri kwa galaja mukaone mulu uja."

"Kuseri kwa galaja kuli chipale chofika m'chiuno," anatero Mayi Haug. "Tikaone chiyani? Mwagwetsa munthu, ndiye mukufuna kupachika mlandu pa mwana. Manyazi mulibe? Njinga munanena, makina munanena, lero mwasowa chonena mwayamba kupeka."

"Mwana wanuyo ndi wabodza."

"Bwerezani."

"Ndati ndi wabodza, ndipo inu mukugona masana simudziwa chimene mukulera."

Mayi Haug anasuntha phazi limodzi kutsogolo. Mayi Eisele anamenya pansi ndi ndodo.

"Muno si pamsika. Nkhani ndi yapafupi. Ngati dzulo kunagwa chipale cha fosholo, mwanayu n'kuchotsa, kathabwa kanayenda mwalamulo. Kuyambira pamene kanafika pa chitseko chanu, a Kienzle, njira yonse inali yanu, ndi galasi lomwe. Munali ndi madzulo onse oti muiyendere. Koma ngati sikunagwe, kathabwa sikanachoke kwa a Haug, ngakhale kapachikidwe pa mwezi. Ine kunalibe. Ndafunsa aneba. Ena akuti kunagwa timaufa, ena akuti anamva fosholo. Amene anali panja ndi mmodzi."

Anatembenukira kwa Tabea.

"Ndikufunsa kamodzi, ndipo uganize usanayankhe. Ine ndakalamba, ndanamizidwapo ndi anthu ovala mataye, ndipo ndinawakhululukira ochepa. Mawu amene unene pano atulutsa banja limodzi m'nyumba muno. Ukanena zoona, udzagona tulo kulikonse kumene udzagone. Ukanama, udzadutsa pa chitseko chimenecho m'mawa uliwonse. Dzulo kunagwa chipale cha tsache kapena cha fosholo?"

Tabea anali ndi mantha oti sanawamvepo chibadwire. Anayang'ana amayi ake. Mayi Haug anagwedeza mutu momulimbikitsa, nkhope yawo yopanda chikayiko ngakhale pang'ono, ufa wa ku bekale udakali m'tsitsi.

"Cha fosholo," anatero Tabea.

"Kweza mawu."

"Cha fosholo. Chithunzi chilipo."

Mayi Eisele anachiyang'ana pang'ono n'kubweza foni.

"A Kienzle, mukhale mutatuluka pofika kumapeto kwa Epulo. Kalata ndikupatsani Lolemba."

Tabea ankayembekezera kuti a Kienzle atukwana. Akanatukwana zikanamupepukira. Koma iwo anangochoka pakhoma paja, n'kuvula chipewa.

"Mayi Eisele, akazi anga sadziwa nyumba ina. Mukawachotsa muno sadzapezanso ngakhale khomo la kubafa."

"Zimenezo mukanaganiza dzulo madzulo."

Pamwamba chitseko chinatseguka. Mayi Kienzle anasuzumira atavala chovala chogonera, nsapato imodzi kuphazi.

"Reinhold, alendowa adya?"

"Adya, Irmgard. Lowa, kukuzizira."

A Kienzle anakwera masitepe pang'onopang'ono atagwira chogwirira. Podutsa pamene panali Tabea sanamuyang'ane.

7. Dzanja la amayi

Mayi Haug anamutuma Tabea kuti akayatse moto wa supu, iwo n'kutsalira pansi. Anakhalako nthawi yaitali. Tabea anamva mawu a Kienzle atatsikanso, kenako a amayi ake, kenako chitseko cha Mayi Eisele chikutsekeka.

Amayi ake atabwera anali opepukidwa ngati atula katundu. Anavula nsapato, anayatsa wailesi, chinthu chimene sankachita madzulo poopa makoma.

"Bambo uja sakugonja," anatero akudula buledi. "Akuti apita kwa loya. Apite. Ndipo a inshulansi a Mayi Eisele nawonso akufuna umboni wolembedwa asanachite chilichonse."

"Chithunzi chija?"

"Chithunzi akuti sichikwana. Koma usade nkhawa. Kani pali a zanyengo amene amalemba zonse, tawuni iliyonse, ola lililonse, kuti kwagwa chiyani ndipo chochuluka bwanji. Ine sindinkadziwa. Mayi Eisele aitanitsa pepala la Lachisanu. Lifika Lachitatu, ndipo limutseka pakamwa mpaka kalekale."

Tabea anasiya kutakasa supu. Mayi Haug anapitiriza.

"Ndiye bambo uja amati chiyani, amati tidikire pepalalo tione amene alire. Ine magazi anandiwira. Ndinati Mayi Eisele, tengani cholembera. Lembani kuti pepalalo likanena kuti sikunagwe chipale cha fosholo, musavutike ndi kalata yachitatu. Ife a Haug tilongedza tokha mwezi uno usanathe. Analemba ndi dzanja lamanzere, zokhotakhota, ine n'kusaina pansi."

"Mwasaina?"

"Ndi dzanja langali, iye akuona. Ukanaona nkhope yake. Zaka ziwiri ndakhala ndikuweramira anthu m'nyumba muno, kupepesa ndi zimene sindinalakwe. Lero ndaima mowongoka. Ndikanaopa chiyani? Mwana wanga ndimamudziwa."

Kuchokera Loweruka kufika Lachitatu anali masiku anayi, ndipo Tabea anawawerenga kawiri.

Mayi Haug anamulanda chikombe, anagawa supu, n'kumuikira mbale patsogolo. Anakhala moyang'anizana naye akumwetulira, chigongono patebulo.

"Tasiya za anthu oipa. Ndiuze za ku Ulm. Unatchinga zingati?"